Mafani a graphics card: mmene mungawaikire kuti khadi lizizire popanda kusokosa mukamasewera magemu

Funso ili ndafunsidwa kambirimbiri, ndiye ndati ndilembe yankho lake kamodzi. Limabwera m'njira zosiyanasiyana. Wina amati mafani a graphics card yake (khadi la m'kompyuta lojambula zithunzi za gemu) sakuzungulira, mwina afa. Wina amati akangotsegula gemu, kompyuta imayamba kulira ngati njuchi zoputidwa. Wina amati mafani amathamanga n'kuleka, kuthamanga n'kuleka, mpaka mutu kuwawa. Ndipo ambiri amamaliza ndi pempho limodzi lomwelo: "Tanditumizireni chithunzi cha fan curve yanu, ndingokopera."

Chithunzicho sinditumiza, ndipo si kumana ayi. Mzere umene ndinajambula ine ndi wa khadi langa, lili m'bokosi langa, m'chipinda changa, ndipo ndinauika motengera makutu anga. Makhadi awiri okhala ndi chip chofanana (GPU, ubongo wa khadi) amatha kusiyana kwambiri: 50 peresenti pa lina ndi kamphepo kayaziyazi, pa lina ndi mkuntho. Chimene ndingakupatseni ndi njira yoti mupezere mzere wanu nokha. Imadya madzulo amodzi athunthu, koma mukamaliza mudzakhala nthawi yaitali musanaganizenso za mafani.

Tiyambe tamvana mawu anayi. Fan curve ndi mzere wa pa galafu umene umauza mafani kuti kutentha kukafika pakutipakuti, azungulire mwakutimwakuti. M'munsi mwa galafuyo mumakhala madigiri, m'mbali mumakhala liwiro la fani m'maperesenti. Ine ndizingoutchula kuti mzere. RPM ndi maulendo amene fani yazungulira pa mphindi imodzi. Hot spot, imene a AMD amaitchula kuti junction temperature, ndi kutentha kwa pamalo potentha kwambiri pa chip chonse, ndipo nthawi zonse imaposa nambala wamba ija yolembedwa GPU temperature. Throttling ndi pamene khadi ladzichepetsera lokha liwiro kuti lisapse. Inu mumangoona gemu ikudukizadukiza.

1. Musanakhudze chilichonse, onani manambala

Tsitsani pulogalamu ya GPU-Z kapena ya HWiNFO64, tsegulani mbali ya Sensors, muisiye yotsegula. Kenako sewerani gemu yanu yolemera kwambiri kwa mphindi 20 kapena 30. Mukatuluka, lembani papepala nambala yapamwamba kwambiri ya zinthu izi: GPU temperature, hot spot, kutentha kwa memore, RPM ya mafani, ndi mawati amene khadi linakoka. Mu HWiNFO64 muli mzati wolembedwa Maximum umene umasunga manambala amenewa. Makhadi ena saonetsa hot spot kapena memore. Lembani zimene lanu likuonetsa.

Anthu ambiri amayeza kwa mphindi zitatu n'kunena kuti zili bwino. Zitsulo zoziziritsira khadi zimatenga nthawi kuti zikhute kutentha, ndipo mpweya wa m'bokosi nawonso umafunda pang'onopang'ono. Ena amatuluka mu gemu n'kuwerenga nambala imene ikuoneka nthawi yomweyo, osadziwa kuti chip chimazizira madigiri angapo m'masekondi ochepa chabe. Komanso musayezere ndi FurMark. Pulogalamu imeneyi imafinya khadi mopitirira mmene magemu ambiri amachitira, ndiye mukaikira mafani potengera iyoyo mudzakhala ndi phokoso limene simunkafunika kukhala nalo.

2. Onani ngati pali vuto n'komwe

Ngati mafani sazungulira mukakhala kuti simukusewera, nthawi zambiri palibe chafa. Makhadi ambiri a masiku ano amazimitsa mafani dala kutentha kukakhala pansi pa madigiri 50 kapena 60, malinga ndi amene analipanga. Ena amati Zero RPM, ena amati fan stop, ena 0dB. Tsegulani gemu, dikirani pang'ono, suzumirani. Akayamba kuzungulira, ali bwinobwino. Muyenera kuda nkhawa ngati khadi lafika madigiri 70 koma mafani adakali chiimire.

Pa nkhani ya madigiri, posewera, GPU temperature ya pakati pa 65 ndi 80 si yodetsa nkhawa. Makhadi ambiri a NVIDIA GeForce amabwera ataikidwa malire a madigiri 83, ndipo akafika pamenepo amayamba kubweza liwiro kuti asapitirire. Ngakhale asanafike pamenepo, GPU Boost, njira imene khadi limadziikira lokha liwiro, imatsitsa liwirolo pang'onopang'ono khadi likamafunda, koma kutsika kwake n'kochepa moti posewera simungakuone. A AMD ananena mu 2019, pa makhadi a RX 5700, kuti junction temperature yofika 110 ili m'malire ovomerezeka. Memore ya GDDR6X, yonga ya pa RTX 3080 ndi RTX 3090, imatentha kwambiri ndipo imayamba throttling cha pa 110. Pa khadi la NVIDIA, GPU-Z ili ndi mzere wolembedwa PerfCap Reason. Mukaona mawu akuti Thrm, ndiye kuti kutentha ndi kumene kukubweza khadi lanu. Mukaona Pwr, ndi malire a magetsi, ndipo kukweza mafani sikungachotse zimenezo.

Maganizo anga ndi akuti malire si malo okhalapo tsiku lililonse. Ndimakonda khadi lizikhala m'ma 70, hot spot isamapitirire 95 kwa nthawi yaitali. Koma kulimbana kuti khadi likhale pa 55 posewera n'kungotopetsa mafani pachabe.

3. Tsegulani bokosi

Fani siipanga kuzizira. Imangotenga mpweya umene uli pafupi n'kuukankhira m'timasamba tachitsulo. Mpweyawo ukakhala wotentha kale, kapena njira yake ikatsekeka, ngakhale mutajambula mzere wokongola bwanji palibe chimene chingasinthe.

Tsiku lina mnzanga anandibweretsera kompyuta yake atakweza mafani kufika pa 90 peresenti, koma khadi linkafikabe madigiri 86. Kunja mafaniwo ankaoneka oyera, poti ankawapukuta. Titachotsa khadi n'kuunika ndi tochi pakati pa mafani ndi timasamba tija, tinapeza fumbi litalukana ndi ubweya, litagwirana ngati kansalu kochindikala. Tinachita kulikoka ndi kamtengo, n'kutuluka lathunthu, lili ndi mizeremizere ya timasamba timene linatsamirapo. Mafani ankazungulira ndi mphamvu zawo zonse, koma mpweya sunkadutsa.

Ndiye zimitsani kompyuta, zulani pulagi, khudzani chitsulo cha bokosi musanagwire khadi. Pemererani fumbi ndi mpweya wa m'chitini kapena kachipangizo kopemerera, koma gwirani mafani ndi chala kuti asazungulire. Mukawasiya kuti mphepo iwazunguze mwaliwiro, mukhoza kuwononga mabering'i ake. Tsukaninso masefa a fumbi a kutsogolo ndi pansi pa bokosi, muwaumitse bwino musanawabwezere.

Mukatero yesani izi: sewerani gemu ija chitseko cha m'mbali mwa bokosi chili chochotsa. Kutentha kukatsika ndi digiri imodzi kapena awiri, bokosi lanu likupuma bwino. Kukatsika ndi madigiri 6, 8 kapena kuposa, vuto si khadi, ndi bokosi. Onani ngati mafani a kutsogolo akulowetsa mpweya ndipo a kumbuyo ndi pamwamba akuutulutsa. Fani imatulutsira mpweya mbali imene kuli timipiringidzo togwira mota yake. Ndaonapo mabokosi angapo amene mafani onse ankayang'ana mkati, mpweya wotentha n'kusowa kotulukira.

4. Chepetsani kutentha kumene kukuchokera

Magetsi onse amene khadi lakoka amasanduka kutentha. Khadi lokoka mawati 250 likutulutsa kutentha kwa mawati 250 m'bokosi lanu. Kuchepetsa mawatiwo kumathandiza kuposa china chilichonse chimene mungachite ndi mafani, n'chifukwa chake sitepe iyi iyenera kubwera musanajambule mzere. Mukaichita pambuyo, manambala onse amene munayeza asintha ndipo muyambiranso.

Choyamba, ikani malire a mafulemu, kutanthauza zithunzi zimene khadi limajambula pa sekondi iliyonse. Ngati sikirini yanu ndi ya 60 Hz koma khadi likutulutsa mafulemu 200 pa sekondi, ambiri mwa iwo simukuwaona athunthu, mukungolipira ndi kutentha. Mu NVIDIA Control Panel muli Max Frame Rate, mu pulogalamu ya AMD muli Radeon Chill, ndipo magemu ambiri ali ndi malire awoawo. Zimenezi zimathetsanso vuto lija loti mafani amalira kwambiri pa menyu ya gemu, pamene palibe n'chimene chikuchitika.

Chachiwiri, tsitsani Power Limit, malire a mawati amene khadi limaloledwa kukoka, kufika pa 80 kapena 85 peresenti, ngati khadi lanu likulola. Makhadi ambiri amabwera atakankhidwira kumapeto, kumene mawati ambiri amangowonjezera mafulemu ochepa. Yezani mafulemu musanatsitse komanso mutatsitsa, muone nokha ngati kusiyanako kukukupwetekani.

Chachitatu ndi undervolting, kutanthauza kuchepetsa volteji imene chip chikulandira koma liwiro likhale pafupifupi lomwelo. Mu MSI Afterburner dinani Ctrl ndi F, patuluka galafu ya volteji ndi liwiro. Mumasankha kadontho kamodzi, mwachitsanzo ka pa 900 mV, n'kukakweza kufika pa liwiro limene mukufuna, kenako n'kusalaza timadontho tonse ta kumanja kwake kuti khadi lisapitirire pamenepo. Pa AMD mumatsitsa Voltage pang'onopang'ono. Gemu ikamadzitseka yokha, mwapitirira muyezo, bwezani pang'ono. Ngati ndinu woyamba kumene, malire a mafulemu ndi Power Limit n'zokwanira lero.

5. Sankhani pulogalamu imodzi yokha

Pa khadi la NVIDIA, ambiri amagwiritsa ntchito MSI Afterburner, ndipo imagwira ngakhale khadi lanu si la MSI. Itengeni pa tsamba lenileni la MSI kapena la Guru3D, chifukwa pa intaneti pakhala pakupezeka masamba achinyengo ogawa Afterburner yokhala ndi mavairasi. Pa khadi la AMD simufunika kutsitsa kanthu: mu AMD Software: Adrenalin Edition pitani pa Performance, kenako Tuning, musankhe kudziikira nokha, muyatse Fan Tuning ndi Advanced Control.

Mapulogalamu awiri akamalamula fani imodzi, amalimbirana. Iyi ikuti 40, iyo ikuti 65, fani n'kumangodumphadumpha. Ngati muli ndi pulogalamu ina ya kampani imene inapanga khadi, zimitsani mbali yake ya mafani. Onaninso m'mphepete mwa khadi lenilenilo: makhadi ena ali ndi kaswichi kakang'ono kosankhira BIOS (malamulo a mkati mwa khadi) yachete kapena yamphamvu. Kasuntheni kompyuta ili yozima. Kwa ena, kaswichi kameneka kokha kamathetsa nkhani yonse.

6. Yezani khadi lanu pa liwiro lokhazikika

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, n'kungokuuzani kuti kokani timadontho mmene mukufunira. Koma mungakoke bwanji musakudziwa chimene 50 peresenti imachita pa khadi lanu? Mukufunika kudziwa zinthu ziwiri pa liwiro lililonse: kutentha kumene khadi limakhazikikapo, ndi mmene makutu anu akumvera.

Tsekani bokosi monga mmene limakhalira masiku onse. Mu gemu ija pezani malo olemera, monga pamene pali mitengo yambiri, madzi kapena utsi, muime pamenepo. Malowo akhale omwewo pa mayeso onse. Yatsani manambala kuti azioneka pa sikirini. Afterburner imabwera ndi RivaTuner Statistics Server yochitira zimenezi, ndipo pulogalamu ya AMD ili ndi yake.

Mu Afterburner zimitsani Auto pafupi ndi Fan Speed, ikani pa 80 peresenti, dinani chizindikiro chovomereza. Mu Adrenalin ikani timadontho tonse tisanu ta mzere wa mafani pa msinkhu umodzi. Dikirani mpaka manambala a kutentha, GPU temperature ndi hot spot, atasiya kusuntha kwa mphindi zingapo, zimene nthawi zambiri zimatenga mphindi 10 kapena 15. Lembani. Kenako tsitsani pa 70, dikiraninso, lembani. Kenako 60, 50, 40. Yambirani pamwamba kutsika, kuti muone kutentha kukukwera pang'onopang'ono n'kudziwa poimira. Kukafika pa 83 kapena hot spot ikayandikira 100, lekani, musatsikenso.

Pa liwiro lililonse vulani mahedifoni, zimitsani mawu a gemu, khalani pampando mmene mumakhalira, mumvetsere. Pambali pa nambala lembani chimodzi mwa zitatu: sindikumva, ndikumva koma sizikundivuta, zikusokosa. Musaike khutu pa bokosi, poti simusewera mutagona pamenepo.

Tinene kuti pepala lanu latuluka chonchi. Ichi n'chitsanzo chabe, manambala anu adzasiyana:

80 peresenti: madigiri 69, zikusokosa
70 peresenti: madigiri 70, zikusokosa
60 peresenti: madigiri 72, ndikumva koma sizikundivuta
50 peresenti: madigiri 75, ndikumva pang'ono
40 peresenti: madigiri 81, sindikumva

Yang'anitsitsani pepalalo. Kuchoka pa 40 kufika pa 50 mwapindula madigiri 6. Kuchoka pa 70 kufika pa 80 mwapindula digiri imodzi yokha, koma phokoso lawonjezeka kwambiri. Khadi lililonse lili ndi pamalo pamene kuwonjezera liwiro kumasiya kupindulitsa, chifukwa timasamba tija tafika pamapeto a zimene tingathe kupereka ku mpweya. Ntchito yonse ya sitepe iyi ndi kupeza pamalo pamenepo. M'chitsanzochi pali pakati pa 50 ndi 60, ndiye tisankhe 55.

Pali chinanso chimene mungachipeze pokhapokha mutamvetsera. Mafani ena ali ndi liwiro limodzi limene amang'ung'udza modabwitsa, mwina chifukwa bokosi kapena chivindikiro cha khadi chikunjenjemera nawo. Mukhoza kupeza kuti 47 peresenti ikusowetsa mtendere kuposa 55. Mukamva zotero, sunthani peresenti imodziimodzi mpaka mutadziwa pamene kung'ung'udzako kukuyambira ndi pamene kukuthera, mulembe, kuti mzere wanu usamakhalitse pamenepo.

Lembaninso ngati tsikulo kunali kotentha kapena kozizira. Chipinda chikafunda ndi madigiri 5, khadi nalonso limakwera ndi madigiri pafupifupi 5 pa liwiro lomwelo la fani. Ndipo chonde, mukamaliza kuyeza, bwezerani Auto. Kuiwala mafani atakhomedwa pa 40 peresenti ndi cholakwika chimene ndakumana nacho kwa anthu ambiri.

7. Jambulani mzere

Mu Afterburner dinani Settings, pitani pa Fan, chongani Enable user defined software automatic fan control. Mukadina pa mzere pamabwera kadontho katsopano, mukadina kadontho n'kusindikiza Delete kamachoka.

Anthu ambiri amajambula mzere wokwera molunjika kuchokera pakona ya pansi kufika pakona ya pamwamba, digiri iliyonse ndi peresenti yake. Umaoneka wanzeru, koma ndi umene umabweretsa kuthamanga n'kuleka kuja. Mu gemu ntchito ya khadi siikhala yofanana. Mukalowa m'nyumba imachepa, mukatuluka panja imachuluka, ndiye kutentha kumayendayenda ndi madigiri atatu kapena anayi. Mzere ukakhala wotsetsereka pamalo pamenepo, fani imatsatira kusuntha kulikonse. Kutentha kwakwera, fani yathamanga, kutentha kwatsika, fani yabwerera, kutentha kwakweranso. Khutu la munthu limazolowera msanga phokoso losasintha mpaka kuliiwala, koma phokoso losinthasintha limalimva nthawi zonse.

Ndiye mzere wabwino uli ndi zigawo zitatu. Chigawo cha pansi, kuyambira pozizira mpaka cha pa 50, chikhale pa liwiro lotsikitsitsa, kenako chikwere mofatsa. Chigawo cha pakati, pamene khadi limakhala mukamasewera, chikhale chathyathyathya kapena chokwera pang'ono kwambiri. M'chitsanzo chathu, 55 peresenti imagwira khadi cha pa 73 kapena 74, ndiye ikani kadontho pa madigiri 64 ndi 52 peresenti, kena pa madigiri 77 ndi 57 peresenti. Kutentha kuziyendayenda mkati mwa chigawochi, fani osasintha kulira kwake. Chigawo cha pamwamba chikwere mofulumira: madigiri 81 pa 75 peresenti, madigiri 85 pa 100 peresenti. Chigawo chimenechi ndi mlonda wanu wa tsiku lotentha, gemu yatsopano yolemera, kapena fumbi limene launjikana inu osadziwa. Musachichotse pofuna bata. Mukadzamva mafani akulira mwamphamvu, dziwani kuti akukuuzani kuti china chake chasintha.

Pansi pa galafu pali bokosi lolembedwa Temperature hysteresis. Tanthauzo lake ndi ili: fani ikakwera, isafulumire kubwerera mpaka kutentha kutatsika ndi madigiri amene mwalembawo. Ikani 3 kapena 4. Mukaika 0, fani imasintha pa digiri iliyonse. Mukaika 10, imapitiriza kuthamanga nthawi yaitali mutasiya kale kusewera. Bokosi la Fan speed update period limanena kuti pulogalamu iziyang'ana kutentha pakapita nthawi yaitali bwanji. 5000 ndi masekondi asanu, ndipo kwa ambiri ndi yabwino.

A makhadi a AMD, tcherani khutu apa. Pa makhadi a Radeon RX a zaka zaposachedwa, mafani amatsatira junction temperature, osati nambala wamba ija. Mukakopera madigiri a munthu wa khadi la NVIDIA, mafani anu akhoza kufika pa 100 peresenti gemu itangoyamba. Jambulani mzere wanu pogwiritsa ntchito manambala a junction amene munalemba pa sitepe 6.

Mukamaliza, sewerani kwa ola lathunthu, osati kungoima pamalo amodzi. Khadi likamakhala kumapeto kwenikweni kwa chigawo cha pakati n'kumagwera m'chigawo chokwera chija, kwezani chigawo chonse cha pakati ndi maperesenti atatu kapena asanu.

8. Sankhani za fan stop

Mukayatsa mzere wanu, mwina mudzaona kuti mafani sakuimanso ngakhale simukusewera. Pa makhadi ambiri a NVIDIA, pulogalamu siitha kutsitsa mafani pansi pa 30 peresenti, ndiye mzere ukayamba kulamula, kuima kuja kumatha. Pa AMD pali batani la Zero RPM loyatsa ndi kuzimitsa.

Ine ndimakonda mafani azizungulira pang'onopang'ono nthawi zonse. Pa liwiro lotsikitsitsa samveka pa makhadi ambiri, ndipo zimathetsa vuto loti khadi likakhala pafupi ndi malire oyatsira, monga poonera vidiyo kapena pogwiritsa ntchito masikirini awiri, mafani amangoyaka n'kuzima mphindi iliyonse. Koma ngati mumagwira ntchito usiku m'chipinda cha zii ndipo kakulira kalikonse kamakusokonezani, muzizimitsa mzere wanu mukamaliza kusewera kuti khadi libwerere ku malamulo ake.

9. Onetsetsani kuti zikhalapo mawa

Mzere wa Afterburner umagwira ntchito pulogalamuyo ikakhala yoyaka. Mukaitseka, khadi limabwerera ku mzere wake wakale. Mu Settings, pa General, chongani Start with Windows ndi Start minimized. Sungani zonse mu Profile. Ngati munasintha Power Limit kapena volteji, dinani batani loti zizigwira ntchito kompyuta ikayaka, koma mutayesa kaye kwa masiku angapo n'kutsimikiza kuti sizikugwetsa gemu.

Pulogalamu ya AMD imafufuta zimene munaika dalaivala (pulogalamu yoyendetsa khadi) ikagwa kapena kompyuta ikazima mwadzidzidzi. Sungani profile yanu ngati fayilo kuti muzingoibwezera. Mukaika dalaivala yatsopano, suzumiraninso.

10. Mafani a bokosi atsatire khadi

Mafani a bokosi nthawi zambiri amalamulidwa ndi motherboard, ndipo amatsatira kutentha kwa CPU, ubongo wa kompyuta yonse. Koma m'magemu ambiri chimene chikuvutika ndi khadi. Ndiye khadi likulavula kutentha, CPU ili phee, mafani a bokosi akuyenda mwaulesi. Pulogalamu yotchedwa Fan Control imakulolani kumangirira mafani a bokosi ku kutentha kwa GPU, kapena ku chimene chatentha kwambiri pakati pa CPU ndi GPU. Mafani a bokosi ndi aakulu, amasuntha mpweya wambiri popanda kulira kwambiri, ndiye mukawakweza pang'ono mumatha kutsitsa timafani ta khadi. Kumbukirani sitepe 5: ngati Afterburner ndi imene ikulamula mafani a khadi, Fan Control isawakhudze.

11. Zonsezi zikakanika

Ngati muli ndi laputopu, Afterburner nthawi zambiri siitha kulamula mafani ake. Gwiritsani ntchito pulogalamu ya kampani yake, monga Armoury Crate kapena Lenovo Vantage, kwezani kumbuyo kwake kuti mpweya uzilowa pansi, ndipo sitepe 4 ndi imene ingakuthandizeni kwambiri.

Phokoso lina si la mzere. Kalikhweru kosongoka kamene kamasintha mafulemu akasintha ndi coil whine, kamachokera m'tizipangizo ta magetsi ta pa khadi, ndipo malire a mafulemu amakachepetsa. Kugogoda kwa tiki-tiki-tiki kawirikawiri ndi kawaya kamene kakukhudza fani. Unikani ndi tochi, kamangeni. Kukhwekhwereza kapena kukukuta ndi bering'i imene yatha.

Bwererani ku pepala la sitepe 1, muchotse GPU temperature pa hot spot. Kusiyana kwa madigiri 10 mpaka 20 n'kwachizolowezi pa makhadi ambiri. Kukafika 25 kapena 30, makamaka ngati kale sikunali choncho, ndiye kuti thermal paste, phala lothandiza kutentha kudutsa pakati pa chip ndi chitsulo, yauma kapena yafinyikira m'mbali, ndipo mafani sangakonze zimenezo. Chizindikiro china ndi ichi: mafani ali pa 100 peresenti, chip chikutentha, koma mpweya wotuluka m'khadi ndi wongofunda chabe. Kutenthako sikukufika n'komwe ku timasamba.

Musanamasule sikuluwu iliyonse, onani ngati walanti idakalipo, ndipo ngati ilipo yambani mwalankhula ndi amene anakugulitsani. Mukasankha kutsegula nokha, jambulani chithunzi pa sitepe iliyonse, zulani mosamala kawaya ka mafani musanalekanitse zigawo ziwirizo, ndipo pobwezera mangani masikuluwu anayi ozungulira chip mopingasa, pang'onopang'ono, kuti chitsulo chikhale mofanana mbali zonse. Samalani ndi ma thermal pad a pa memore. Akang'ambika, atsopanowo akhale ochindikala chimodzimodzi ndi akalewo. Mukaika ochindikala kwambiri, ngakhale ndi theka la milimita, amanyamula chitsulo kuchichotsa pa chip, ndipo hot spot imakwera kuposa mmene inalili musanatsegule. Ngati vuto ndi fani imodzi yokha imene yatha, simufunika kufika konseko: pa makhadi ambiri imachoka payokha, ndipo nambala yake yogulira ina yalembedwa pa kapepala komatidwa kumbuyo kwa mota. Yerekezeraninso kapulagi kake ndi kutalika kwa waya musanagule.